Nkhuli ya Nambewe

Linali Loweruka lachiwiri la mwezi wa Juni, m'chaka chachisanu chilandirire ufulu dziko la Zambia, mkuwa uli pamtengo wabwino ndipo makalaliki akuda atayamba kulowa m'nyumba zimene kale munkagona Azungu a pamgodi, pamene mayi Esme Naphiri, atakhala masiku anayi okha kwa mwana wawo Horace Kamphinda ku Nkana West, anavundukula chitini cha zinyalala kuseri kwa khitchini, natolamo zigoba za mazira asanu ndi limodzi, nakaziyala patebulo pakati pa mbale za chakudya chamasana.

Horace anali atangosamba m'manja. Mkazi wake Muriel, amene onse ankamuitana ndi mfunda wake kuti Nambewe, anali ataima pambali ndi beseni la madzi, ndipo sanaliike pansi.

"Undiwerengere izi, mwana wanga, ine maso anatha," anatero mayi Esme. "Ukatha kuwerenga undiuze kuti mwa mazira amenewa iwe wadyapo angati."

Horace anayang'ana zigobazo, nayankha kuti iye sanalawe dzira chiyambire sabata imeneyo.

"Ndadya ndine, amayi," anatero Muriel. "Awiri m'mawa uliwonse."

Mayi Esme sanakweze mawu. Anakhala pampando, nakonza duku, nayamba kufotokoza zimene maso awo, omwe ankati anathawo, anaona m'masiku anayi. Mpongozi wawo ankatema nsima yosaposa chibakera, kamodzi kokha patsiku, koma ndiwo ankadzaza mbale: nkhwani wotendera, therere, kapenta, ndi mapeyala a mumtengo umene anasiya Mzungu kuseri kwa nyumba. Tiyi ankamwa wopanda shuga ngati mankhwala a malungo. Buledi sankamukhudza. M'mawa mwamuna akangonyamuka, iye ankavala nsapato za mphira nkuuyamba wapansi, osabwerako mpaka dzuwa litafika paliwombo.

"Kwathu ku Dedza mwana wothamangira ndiwo nsima ili apo timamumenya kuseri kwa dzanja," anapitiriza. "Khalidwe limenelo lili ndi dzina, ndi nkhuli. Tsono mwana timamenya, nanga munthu wamkulu wa pabanja timutani? Komabe za nkhulizo ndikanapirira. Koma mazira, apongozi? Amayi anu sanakuuzeni kuti mkazi wofuna ana sadya mazira? Zaka zisanu ndi chimodzi m'banja, mimba imodzi yokha, iyonso ya mtayo, ndiye inu mukutseka njira ndi dzanja lanu lomwe."

Muriel anaika beseni pansi, nagwada monga mwa ulemu, nafotokoza modekha. Anati m'miyezi khumi chitayire mwana uja thupi lake linakwera ndi mapaundi fote. Kuchipatala cha pamgodi anamupeza magazi akuthamanga, shuga nayenso atayamba kuoneka, ndipo dokotala ananena mosabisa kuti kutenga mimba ina ndi thupi limenelo nkuika pangozi mayi ndi mwana yemwe. Namwino wina wa ku Chipata, mayi Felistus, ndiwo anamulangiza za kadyedwe kosafuna ndalama zambiri: masamba adzaze mbale, pakhale mazira kapena kapenta kapena nsinjiro kuti njala isabwere msanga, nsima ikhale yapang'ono, shuga ndi buledi zileke, ndipo tsiku lililonse ayende ndi miyendo yake.

"Namwino ameneyo ali ndi ana angati?" anafunsa mayi Esme.

"Anayi, amayi."

"Ndiye akadye yekha mazirawo, iye anabereka kale."

Onse awiri anayang'ana kwa Horace. Iye anasonkhanitsa zigoba zija ndi m'mphepete mwa dzanja, nazikankhira pakona pa tebulo, nati chakudya chikuzizira, nkhaniyo adzaikamba pa nthawi yake.

Nthawiyo inafika Lolemba, dzuwa lisanalowe. Horace anatsika m'galimoto atanyamula pepala lalikulu la zogula, nazitulutsa chimodzichimodzi patebulo la kukhitchini monga ankachitira chichitikire tsoka lija: buledi woyera, jamu, mabisiketi, ndi zitini ziwiri za mkaka wotsekemera. Amayi ake anali pakhonde akuothera dzuwa lotsala. Iye anayamba ndi nkhani ya Anock, mnzake wa mu ofesi, amene anaona Muriel kumsika wa Chisokone akutsitsa mtengo wa kambale ka ifishimu, mphalabungu zouma zija, ndipo Lolemba lomwelo anafunsa m'Chibemba pamaso pa onse ngati kukwezedwa kwa a Kamphinda kunali kwa dzina lokha.

"Nambewe, ine ndili mnyamata ndinkagulira Mzungu buledi m'tauni muno," anatero Horace, "ndipo ndinkagulira pawindo, chifukwa pakhomo la sitolo munthu wakuda sankadutsapo. Fungo lake ndinkalimva njira yonse, koma kulawa ayi. Lero ndimalowera pakhomo, wogulitsa nkunditchula kuti Mista Kamphinda. Ndiye ndifike nazo kunyumba, ndipeze mkazi wanga akudya mphalabungu ndi masamba? Miyezi yapitayi amayi a kumpingo ankandiyamikira kuti ndimasamala. Tsopano diresi layamba kukukulirani. Anthu aziti chiyani?"

"Chikomekome cha nkuyu, bambo, m'kati muli nyerere," anayankha Muriel. "Pamene ankakuyamikiranipo, ine ndinkagona mpaka leveni koloko makatani ali chitsekere. Sindinkadya chifukwa cha njala. M'nyumba muno mulibe mawu a munthu, mpanda ndi wautali, mnansi sindimudziwa dzina, ndipo pakamwa pakamatafuna mutu umayamba waleka kulankhula. Buledi wathunthu ndinkamumaliza ndekha, pakapita ola limodzi m'mimba muli mbee. Mazira awiri ndi mbale ya masamba zimandisunga mpaka masana, ndipo zonsezo ndi teni ngwee."

"Teni ngweeyo ndiyo ikundichititsa manyazi."

Horace anatembenuza chitini cha mkaka m'manja. Kenaka ananena, maso ali kumbali, kuti pamene ankamupeza akulira iye sankadziwa chimene mwamuna amanena, tsono ankapita kusitolo. Anapempha kuti Muriel angogonja kwa kanthawi, pakuti mlendo ndi mame, amayi adzabwerera ku Dedza mwezi ukatha, ndipo pambuyo pake adzadya monga afunira. Muriel anati chinthu chimene chimamukhala pachifuwa sichiwerenga masiku a mwezi. Anali atachithawa masabata asanu, koma ankachimva chikumutsata, ndipo akangoima chidzamupeza. Horace anati amenewo ndi maganizo chabe, munthu wopemphera sayenera kuwapatsa malo, natuluka kukakhala ndi amayi ake.

M'mawa mwake mayi Esme anatenga kiyi wa kachipinda kosungiramo zakudya, namumangirira pansonga ya nsalu yawo. Ananena mwaulemu wonse kuti apongozi atopa, apumule, kuphika akhala akuphika iwo. Mazira otsala anawawiritsa onse, nawakulungira Horace kuti akadye kuntchito. Atatero anatulutsa mpando, nauika pakhonde moyang'ana kuchipata, nakhalapo ndi zoluka zawo. Tsiku loyamba Muriel anavala nsapato zake, nagwada kutsanzika kuti akupita kumsika. Anauzidwa kuti m'nyumba muli zonse, ndi kuti nsabwe yoyendayenda inakumana ndi chikhadabo. Tsiku lachiwiri anangoima pakhomo, nabwerera. Lachitatu lake sanavale nsapato. Pofika Loweruka makatani a kuchipinda sanatsekulidwe.

Mayi Esme anamutengera phala komweko, lothira shuga ndi majarini, nakhala pansi pafupi ndi bedi.

"Ndikudziwa kuti mukuti nkhalamba iyi ndi yankhanza," anatero. "Masamba opanda nsima ine ndinadya, apongozi, m'chaka cha fote naini. Chisoso m'mawa, chisoso madzulo, mpaka ana kutupa mapazi. Mlongo wake wa Horace ndinamuika m'manda chaka chimenecho, m'mimba mwake muli masamba okhaokha. Ndikaona mbale yanu ija mtima wanga umabwerera kumeneko. M'nyumba ya mwana wanga, ufa uli thumba lathunthu, munthu asadye ngati wa m'chaka cha njala."

Muriel anatembenuka pabedipo, nawayang'ana.

"Munamulira, amayi?"

"Ndinamulira. Iye anali ndi dzina." Mayi Esme anavundula phala ndi sipuni. "Wanu uja anali asanakhale munthu. Mtayo saulira, mukaulira mumatseka mimba. Mwambowo sindinauyambe ine. Iwalani, imwani phala."

Muriel anamwa phala lonse, napempha buledi. Madzulo ake mayi Esme anauza mwana wawo kuti mkazi wake wayamba kumva. Horace anakondwa, chifukwa m'nyumba munalibenso mkangano, ndipo kuntchito ankapita ndi mtima umodzi.

Amene sanakondwe anali mayi Elina, mkazi wa amalume ake a Muriel, amene ankagulitsa masamba ndi mazira ku Chisokone. Kwa iwowa ndiko Muriel ankapita m'mawa uliwonse, kugula ndiwo zake ndi kukhala ola limodzi akuwathandiza kumanga mipukutu ya repu. Atapita masiku naini osamuona, anasiyira mnzawo benchi, nakwera basi mpaka kumene mabasi amalekezera, nayenda m'misewu ya mitengo ya maluwa akuwerenga manambala a nyumba. Analonjera mayi Esme ndi maondo onse awiri, nafunsa za kumudzi ndi za mvula ya chaka chatha, ndipo mwambo wa malonje utakwanira analowa kuchipinda, nakoka makatani.

"Dzuka, mwana iwe. Lero ndi Lachinayi, sikelo ya kuchipatala ikukudikira."

Muriel anati alibe mphamvu, ndipo sakuona chifukwa. Akhale wonenepa, akhale woonda, zonse nzimodzi, azakhali angomusiya. Mayi Elina sanatsutsane naye. Anagwada, nasuzumira pansi pa bedi, natulutsa nsapato za mphira zija, namuveka phazi ili ndi ilo monga avekera mwana wa sukulu. Anamupukuta kumaso ndi nsalu yonyowa, namumanga duku. Podutsa pakhonde mayi Esme anaimirira, zoluka zili m'manja.

"Tikupita kuchipatala, mukwai, sikumowa ayi," anatero mayi Elina, akuwatchula ndi mawu aulemu a Chibemba. "Ngati mukukayika tiyeni, malo m'basi alimo."

Kuchipatala sikelo inaonetsa kuti mapaundi folo abwerera. Mayi Felistus sanakalipe. Analemba pakhadi, natseka chitseko, namvetsera zonse kufikira Muriel atatha kulira. Kenaka anamuuza kuti asadzinamize, mazira ndi masamba si mankhwala a chisoni, zimangopeputsa thupi kuti lithe kuchisenza. Kulemera kwa mtima kumeneko ndi matenda monga ena onse, ali ndi dzina, ndipo dokotala adzamuonanso za iwo. Anati chofunika ndi kubwera Lachinayi lililonse, sikelo ikwere kapena itsike, ndi kusakhala tsiku lathunthu osalankhula ndi munthu.

Pobwerera kunyumba anapeza nkhani itapsa. Mayi Esme anati mkazi wa pamsika wawadutsa pamaso ngati chitsa, m'nyumba ya mwana wawo, ndipo iwo sadzalawa kanthu kufikira ankhoswe atakhala pansi.

Ankhoswe anakhala pansi Lamulungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi. Kuchimuna kunabwera a Reginald, mkulu wa mpingo, munthu wa jekete lakuda amene anagwira ukalaliki zaka makumi atatu. Kuchikazi kunabwera amalume ake a Muriel, a Absalom, amene anathera unyamata wawo pansi pa mgodi, ndipo atapuma anakaumba zidina kukomboni ya Ipusukilo nadzimangira nyumba ya zipinda zitatu. Iwowa anakhala m'mphepete mwenimweni mwa sofa, chipewa chili pabondo, ngati akuopa kuti mwini wake wakale abwera kudzawadzutsa. Mayi Elina anakhala pamkeka pamodzi ndi Muriel.

Atapemphera, mayi Esme anayala milandu itatu: nkhuli, mazira, ndi kuyendayenda. A Reginald anaitenga umodziumodzi, osafulumira. Anati iwo sadana ndi chipatala, pakuti mwendo wawo womwe unalumikizidwa komweko, koma chipatala chimadziwa mafupa, sichidziwa banja. Ufa wa m'nyumba ndi thukuta la mwamuna, ndipo mkazi wokana nsima ya ufa umenewo amakhala akunena kanthu kena kamene pakamwa pakuopa kutchula. Amayi athu anadya nsima kawiri patsiku, nabereka ana khumi. Anati mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo iwo sanabwere kudzapasula koma kudzamanga. Chigamulo chawo chinali chopepuka. Mayi Esme abweretse mbale ya mitanda itatu, Nambewe aidye pamaso pa onse, mazira aleke, kumsika aleke, nkhani ithere pomwepo. Akakana, ndiye kuti wadzinenera yekha, amalume ake amutenge.

Mbale inabwera, pamodzi ndi kambale ka nyama ndi beseni la madzi, ndipo zinaikidwa pamkeka. Muriel anapisa dzanja m'thumba la diresi, natulutsa khadi la kuchipatala, nalipereka kwa mwamuna wake ndi manja awiri. Horace, amene ntchito yake inali kuwerenga mapepala a anthu mazanamazana, anali asanaliwerengepo. Analiwerenga mwakachetechete, nalitembenuza, naliika pabondo. A Reginald anati mapepala amenewo analembedwera matupi a Azungu.

A Absalom anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chija cha anthu a pansi pa mgodi, ndipo atapeza mpweya anati iwo sukulu sanapite, za m'khadimo sangatsutse kapena kuvomereza.

"Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. "Tonse talankhula. Mwanayu alankhule."

Muriel anagwada bwino, manja ali pamaondo.

"Zikomo, amalume. Zikomo, akuluakulu. Miyezi khumi ndinagona m'chipinda umo. Masiku ena sindinkasamba. Kutchalitchi ndinaleka, ndipo pemphero langa linali limodzi, loti kukacha ndisadzuke. Panalibe nkhoswe imene inabwera. Amayi a kumpingo anabwera kawiri, nandiuza kuti ndakongola, banja landiyanja. Ndadzuka masabata asanu okha, ndayenda ndi miyendo yanga, ndaseka kamodzi kapena kawiri kumsika, lero nyumba yadzaza. Tsono ndithandizeni, pakuti ine ndine mwana. Mlandu wanga ndi mazira, kapena ndi kudzuka?"

A Reginald anayamba kunena kuti funso lotere silimanga, koma Muriel anali atatembenukira kale kwa mwamuna wake.

"Bambo, mwana uja anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Mayi Esme anati zimenezo sizikambidwa pali amuna. Horace anayang'ana khadi linali pabondo lija. Anayankha motsitsa mawu kuti sakudziwa. Tsiku lija amayi achikulire anamuuza kuti mwamuna safunsa, ndipo iye sanafunse.

"Anali wamkazi," anatero Muriel. "Anali ndi tsitsi lambiri, ndi makutu anu. Ndinamuona kamphindi asanamukulunge. Kuchipatala anati kuthamanga kwa magazi anga ndiko kunamutopetsa asanafike, ndipo tsopano magaziwo akuthamanga koposa kale. Amayi akuti ndikutseka njira. Ine ndikudya chomwechi kuti wotsatira adzakhale ndi dzina, ndi kuti adzandipeze ndilipo."

Atatero anasamba m'manja. Anatema nsima yofanana ndi chibakera chake, naidya pang'onopang'ono ndi nyama, onse akuyang'ana, kufikira itatha. Kenaka anasambanso.

"Nsima ya mwamuna wanga sindikana. Muyeso wanga ndi umenewu."

A Reginald anati chigamulo chinali mitanda itatu, ndipo chigamulo chikayamba kudulidwa ngati nsalu ya telala, mawa sipadzakhala mkazi womvera ankhoswe. Komabe mwini nyumba alipo, anene yekha. Horace anayang'ana mkazi wake. Anayang'ana amayi ake, amene anali asanadye masiku atatu, milomo itauma, kiyi uja ali lende pansonga ya nsalu. Anayang'ananso mkulu wa mpingo.

"Malizani, Nambewe," anatero. "Ndi mitanda itatu yokha. Nkhani ithe."

"Lero itatu, bambo, mawa itatu, mkuja makatani."

Anatenga mbale ina, navundikira nsima yotsalayo bwinobwino kuti ntchentche zisaterepo, naikankhira pakati pa mkeka. Kenaka anatambasula dzanja kupempha khadi lake, ndipo Horace anamupatsa.

A Absalom anaimirira, navala chipewa ali m'nyumba momwemo. Anati a Reginald anena bwino kuti akakana amalume ake amutenge, ndipo iwo samatsutsa mkulu wa mpingo. Kwawo kulibe magetsi, madzi amakatunga kumpopi wa onse, koma chipinda chilipo. Ukwati iwo sakuumasula, pakuti sanaumange okha. Akungotenga mwana wa mlongo wawo kuti akadye zimene zikumusunga.

"Tenga zovala zako, Nambewe. Nsapato zija usaiwale."

Horace anati awaperekeze pagalimoto. Mayi Elina anathokoza, nati wodwalayo kuchipatala anamulamula kuyenda wapansi.

Nkhaniyo inafala monga zimafalira nkhani zotere. Ku Nkana West ndi kumpingo kunamveka kuti banja la a Kamphinda lagwedezeka chifukwa cha nkhuli, ndipo amayi ena anaitenga kukalangira ana awo aakazi. Mayi Esme anadya madzulo a tsiku lomwelo, nakhala kufikira mwezi utatha, nakwera basi ya ku Chipata ali ndi chikhulupiriro chonse kuti anachita zimene mayi aliyense akanachita. Kiyi uja anamusiya patebulo.

Ku Ipusukilo Muriel ankagona m'chipinda chimene mawu a anansi ankalowa pakhoma: wina akukalipira mwana, wina akutsatsa makala, wina akuimba nyimbo ya Chibemba pochapa. Sikuti anachira tsiku limodzi. Analipo masiku amene chinthu chija chinkamukhalanso pachifuwa, ndipo masiku amenewo mayi Elina sankamufunsa kanthu, ankangotulutsa nsapato pansi pa bedi. M'mawa ankawiritsa mazira awiri, masana ankadya repu wotendera ndi kapenta kuseri kwa benchi, ndipo Lachinayi lililonse ankakakwera pasikelo.

Loweruka lachitatu chichokere mkazi wake, Horace anaimika galimoto pafupi ndi pokwerera mabasi ku Chisokone, nalowa mumsika atavala tayi, akulambalala madengu ndi matope. Anapeza benchilo atafunsa kawiri. Mayi Elina anamufunsa m'Chibemba, monga afunsira wogula aliyense, kuti bwana akufuna chiyani. Iye anati akufuna mazira dazeni imodzi. Muriel anawawerenga, nawakulunga m'nyuzipepala awiriawiri, nalandira ndalama. Horace sanachoke. Anaima pomwepo ndi phukusi lake, anthu akumugunda m'mapewa podutsa.

"Mwana uja anakamuika kuti?" anafunsa.

Muriel anati ndi kumalire a manda, kuseri kwa chulu chachikulu, kumene amayi amaika ana otere popanda mtanda kapena chizindikiro, koma iye malowo amawadziwa chifukwa anaikapo mwala. Anati galimoto sifika kumeneko. Horace anasiya mazira aja m'manja mwa mayi Elina, ndipo awiriwo anauyamba wapansi, mkazi patsogolo.

Muriel sanabwerere ku Nkana West chaka chimenecho. Horace ndiye ankabwera ku Chisokone Loweruka lililonse. Pofika Khirisimasi mapaundi twente anali atachoka, magazi atakhazikika, dokotala atachepetsa mankhwala, ndipo anthu a kumpingo akakumana naye pamsewu ankapukusa mitu, nauzana kuti mkazi wa Kamphinda watha ndi mavuto.